Udzu umene amautcha wosabereka

Mukadzadutsa msewu wa A15 pakati pa Lincoln ndi Sleaford m'mwezi wa Juni, mudzayang'anitsitse minda ya tirigu. Ndikudziwa, ambiri mumangoona kubiriwira n'kumati koma azungu pa ulimi sagona, munda wonsewu osaoneka udzu ndi umodzi womwe. Udzu ulipo. Mudzaponye maso m'mphepete, kumene munda wakumana ndi mpanda wa zitsamba. Mudzaona kamzere kofiirira ngati mapira akucha, udzu wake wotalika kuposa tirigu, ngala zili lende kuweramira pansi. Ameneyo ndiye brome. Pa zaka 6 zimene ndagwira ntchito pa famu kuno ku Lincolnshire, palibe chomera chimene chandigwaditsa m'matope ngati chimenechi.

Ine kuno ndinabwera kutsatira mayi a kunyumba, amene ndi namwino. Kwathu ndi ku Ntcheu, ndipo ndisanabwere ndinali mlangizi wa zaulimi, wa njinga yakapalasa uja. Anzanga ambiri amene anabwera ngati ine anakalowa m'mafakitale kapena ntchito yosamalira okalamba. Ine mwayi unandigwera pa famu ya banja lina, ya mdala ndi mwana wake wamwamuna. Amalima tirigu, balere, nyemba ndi sugar beet. Mahekitala ndi mazanamazana koma antchito tilipo atatu basi. Nyumba imene tikukhala ndi ya pa famu pomwepo, imayendera limodzi ndi ntchito. Za nyumbazi muzisunge, chifukwa munthu wogona m'nyumba ya abwana amayamba wayeza mawu asanatsegule pakamwa.

Vuto la brome ndi lakuti ndi m'bale wake wa tirigu. Kwathu chimanga timadzala pa mizere yotalikirana masentimita 75, khasu limadutsa bwinobwino, ndipo ngakhale mwana wa Sitandade 2 sangasokoneze chimanga ndi chisoso. Kuno mizere ya tirigu imatalikirana masentimita 12 kapena 15. Khasu lilibe polowera, ndipo likanakhala napo, ndani angapalire mahekitala 20 pamanja? Ndiye amadalira mankhwala opopera. Udzu wa masamba otambalala suvuta, mankhwala ake ndi mbwee. Koma tirigu ndi udzu, balere ndi udzu, brome nayenso ndi udzu, ndipo mankhwala oti aphe m'modzi n'kusiya m'bale wake ndi ochepa komanso odula. Mayi a kunyumba atamuona koyamba anangoti ndi namsongole wa m'fanizo lija. Akatswiri amati wa m'fanizoyo anali udzu wina wotchedwa darnel, komabe mayiwa sanaphonye kwenikweni. Brome akadali wamng'ono sungamusiyanitse ndi tirigu uli chilili.

Pamafunika kugwada. Mu Novembala, tirigu ali ndi masamba atatu kapena anayi, ndimatenga kampeni n'kuyamba kuyenda kuchokera kumpanda kulowera m'kati. Tsamba la brome lili ndi tiubweya tofewa, ndipo ukalipendeketsa kudzuwa (ngati dzuwalo lilipo, Novembala wa kuno mukumudziwa) limaoneka mbuu. Kenako umayang'ana pamene tsamba lakumana ndi phesi. Tirigu pamenepo ali ndi timakutu tiwiri togwira phesi, balere take n'tokulirapo mpaka kupingasana, pamene brome alibe n'komwe. Khungu lokuta phesi lake ndi lotsekeka ngati paipi, ndipo nthawi zambiri limakhala ndi timizere tofiirira chakumunsi. Ukakayikabe umafukula ndi mpeni. Pansi upeza njere imene anamerapo, yaitali, yowonda, yosiyana ndi ya tirigu yonenepa ija.

Zimenezo zimangokuuza kuti ndi brome. Sizikuuza kuti ndi brome uti, ndipo nkhani yonse yagona pamenepo. M'minda ya kuno muli mitundu 5 imene ili m'mabanja awiri, ndipo imadziwika bwino ngala zikatuluka, mu Meyi ndi Juni. Banja loyamba ine ndimaliti la andevu: sterile brome, amene ena amati barren brome, ndi mkulu wake great brome. Ngala zawo ndi zotayana, zolendewera, kangala kalikonse kamatambasuka kunsonga ngati tsache. Ndevu za sterile zimafika masentimita 3, za great brome mpaka 6, zokhakhala, zoti zikalowa m'sokosi zimangopita m'tsogolo osabwerera. Agalu amaziona nazo m'makutu ndi m'mapazi. Banja lachiwiri ndi la meadow brome, soft brome ndi rye brome. Awa ndevu n'zazifupi, tingala tonenepa pakati, tosongoka kunsonga ngati mutu wa mkondo.

Dzina la sterile limandiseketsa mpaka lero. Tanthauzo lake ndi wosabereka, chumba. Amene analilemba m'mabuku a sayansi ndi Linnaeus wa ku Sweden, mu 1753, ndipo zoonadi ngala zake ukaziona zimakhala ngati oats wopanda kanthu m'kati. Koma chumba ameneyu phata limodzi limagwetsa njere 200 kapena kuposerapo, ndipo zambiri zimayoyoka mu Julayi, tirigu asanakololedwe.

Tsono tamverani mmene mabanja awiriwa amasiyanira khalidwe. Njere za andevu zimafuna mdima kuti zimere. Zikakhala pamtunda padzuwa zimagona, n'kudzamera mochedwa, tirigu watsopano ali kale m'nthaka. Ndiye ukangokolola umatipula pamwamba msangamsanga, kapena kuziphimba ndi mapesi odulidwa bwino, kuti zimere. Zikamera umazipha ndi glyphosate, Roundup yemweyo timamudziwa kumudzi, kenako n'kudzala. Banja lachiwiri ndi zosemphana. Pa nthawi yokolola njere zake zimakhala zisanakhwime bwino, ndipo ukazikwirira pompo zimagona tulo tatikulu, n'kudzadzuka chaka china iwe utaiwala. Zimafuna uzisiye pamtunda mwezi wathunthu, zipse ndi dzuwa, ndiyeno utipule. Ntchito imodzi yomweyo, tsiku limodzi lomwelo, imapha banja lina n'kusungira linalo mbewu.

Mdala wa pa famu pano, amene zaka zake zadutsa 80, amati ali mnyamata brome anali udzu wa kumpanda chabe, wosalowa m'munda. Zomulowetsa zinabwera chimodzichimodzi. Cha m'ma 1970 alimi ambiri anayamba kusiya pulawo n'kumangotipula pamwamba pofuna kusunga nthawi ndi dizilo, uku akudzala tirigu mu Seputembala ndi Okutobala chaka ndi chaka, nthawi yomwe brome nayenso amamera. Ena ankapopera mankhwala pansi pa mipanda poti akuyeretsa. Anapha udzu wokhalitsa umene unkatchinga, pa dazi potsalapo n'kumera brome. Mu 1993 boma linaletsa kutentha ziputu ndi mapesi m'minda ya ku England ndi Wales. Ndipo mankhwala ena opaka mbewu, a neonicotinoid, ataletsedwa mu 2013, tizilombo todumpha ngati nthata tinayamba kuvuta kwambiri pa oilseed rape, mbewu ya maluwa achikasu ija, moti alimi ambiri anachepetsa kulima kwake. Chonsecho rape ndiye ankapereka mpata pa kasinthasintha wa mbewu. Poti iye si udzu, m'munda mwake umapopera mankhwala opha udzu wonse osaopa kanthu.

Za pulawo zimandikhudza, chifukwa kumudzi ndinali m'modzi wa olalikira mtayakhasu: osagalauza, phimbirani, nthaka isakokoloke. Mpaka pano ndimakhulupirira zimenezo pa zitunda za kwathu. Koma pa brome, pulawo ilibe inzake. Mmera wake sutha kutuluka ngati njere yakwiririka kupitirira masentimita 10 kapena apo, ndipo njere zambiri zimafera m'nthaka pasanathe zaka ziwiri. Yerekezani ndi kaufiti, amene njere zake zimadikira chimanga zaka zoposa 10. Brome chipiriro chotero alibe. Ukatembenuza dothi bwinobwino, masentimita 20, osasiya ziputu zikusuzumira, n'kukhala zaka zingapo osalitembenuzanso, wamudula msana. Kungoti pulawo imadya dizilo, imachedwa, ndipo imasokoneza nyongolotsi zimene zakhala zikugwira ntchito yaulere. Mdala amaikonda, mwana wake safuna ndi kuiona komwe. Ine ndimaona kuti malo ake ndi pamene pavutapo, kamodzi pa zaka zingapo, osati munda uliwonse chifukwa choti agogo ankatero.

Mwina mukufunsa kuti bwanji osangopopera basi. Timapopera. Tikangodzala timaika mankhwala ogwira m'nthaka monga flufenacet, pendimethalin ndi tri-allate, amene amachepetsa koma samaliza. Tirigu akamera pali ena monga Broadway Star ndi Pacifica Plus, amene amagwira bwino brome akadali wamng'ono ndipo akukula, osati kukuzizira koti chilichonse chaima. Vuto ndi lakuti awiriwa amapha m'njira imodzi, ndipo ofufuza a ADAS anapeza kale brome wina m'dziko muno amene wayamba kupirira mankhwala a mtundu umenewu. Mu balere ndiye n'kovutiratu, brome akangomera palibe cha m'botolo chodalirika chimene chingamuchotse. Ndipo kwa inu amene mukuganiza zofuna ntchito ya pa famu: kupopera kuno kumafuna mapepala, PA1 ndi PA2. Ndi maphunziro a masiku ochepa, koma amasintha mmene abwana amakuonera.

Kotero chaka chilichonse mu Juni timabwerera ku zakale, kuzula pamanja. Umayenda m'tinjira ta matayala a thirakitala, thumba paphewa, kuzula phata lonse n'kutuluka nalo m'munda, chifukwa ukangolisiya pansi njere zimapitiriza kukhwima. Chaka chatha ndinkatenga mwana wathu woyamba, wamkazi, amene panthawiyo anali ndi zaka 15, kuti Loweruka azipezako ya foni. Chichewa chake n'cha kuno, chodumphira ku Chingelezi pakati pa chiganizo, koma mawu akuti kuzula, phesi ndi ngala anawaphunzirira m'mundamo. Amayi ake ankangodandaula za masokosi, ati ndevu za udzu wanuwu zitiphera mashini ochapira.

Tinali m'munda wa kuseri kwa tchalitchi, wa mahekitala 18. Kumpanda kunali sterile monga mwa nthawi zonse. Mwanayo anali atalowa m'kati ndithu pamene anandiitana.

"Adadi, uwu si ngati uja wa kumpanda. Ulibe ndevu zazitali."

Unali wa banja lachiwiri, ndipo sunali umodzi. Unali m'timagulu, motsata mmene kombaini inayendera zaka zapitazo. Kuti ndidziwe ngati ndi meadow kapena rye ndinadikira mpaka Julayi, njere zitalimba, n'kudula imodzi pakati ndi mpeni. Ya meadow ukaidula imaoneka yophwatalala ngati kambale, ya rye imakhala yakuya ngati ngalande, ngati chilembo cha V kapena U. Iyi inali ngalande. Rye brome ali ndi kakhalidwe kena koipa: njere zake zambiri siziyoyoka msanga, zimadikira kombaini n'kulowa m'nkhokwe limodzi ndi tirigu, ndipo poti kukula kwake n'kofananako, sefa imavutika kuzichotsa. Ku America alimi akale anamutcha cheat, wonyenga, ndipo ena ankakhulupirira kuti ndi tirigu amene wasanduka udzu. Tsono tirigu wa munda umenewu ndi amene abwana anakonza zosunga kuti akhale mbewu ya minda ina.

Mu shedi muli bolodi pamene amalembapo ndondomeko ya ntchito. Pa munda wa kutchalitchi panalembedwa kuti kutipula munda wonse kumbuyo kwa kombaini, kenako tirigu kachiwiri mu Okutobala. Kwa sterile wa kumpanda ndondomekoyo inali yolondola. Kwa rye wa pakati inali yomusungira mbewu.

Ndinakhala nazo masiku atatu. Mayi a kunyumba anandiuza mosapsatira: "Bambo, ife tinabwera kudzagwira ntchito kuno, osati kudzaphunzitsa eni minda kulima. Mukawakwiyitsa tikagona kuti ndi anawa?" Sankanama. Banja limeneli lalima nthaka imeneyi kuyambira agogo awo, ine ndine wobwera, wa Chingelezi cha ku Ntcheu, amene tirigu ndinkangomuonera patali m'timinda ta ku Tsangano, womweta ndi chisikilo. Komanso ndinkadziwa kuti rye akafalikira minda isanu, wogwada m'matope zaka zikubwerazi ndine ndemwe, ndipo famu ikayamba kuluza, woyamba kuchotsedwa sakhala mwana wa mwini wake.

Kwa mdala sindinapite, ngakhale kuti iyeyo akanandimvera msanga, chifukwa zikanakhala ngati ndikukaneneza mwana kwa bambo ake. Ndinadikira m'mawa, anzanga asanafike, n'kupeza abwana aang'onowo ali okha. Kwathu mfumu sitiiwongolera pabwalo. Ndinayala pepala loyera pa boneti ya galimoto, n'kuikapo ngala ziwiri, ya kumpanda ndi ya pakati, ndi njere zitatu zodula. Mawu anga anali ochepa: kuti uyu ndikumuona ngati rye, ndipo ngati ndi rye, kutipula pompo kumugoneka m'nthaka. Anayang'ana nthawi yaitali, anajambula ndi foni, anatumiza kwa mlangizi amene famu imamulipira. Anangoti tiona. Masiku awiri osanenapo kanthu, ine chakudya osachimva kukoma. Tsiku lachitatu ndinapeza bolodi yafufutidwa. Analemba kuti m'mphepete mokha kutipula pompo, pakati osakhudza mpaka kumapeto kwa Seputembala, tirigu wake agulitsidwe yense osasunga mbewu, ndipo m'malo mwa tirigu wachiwiri mudzabwere nyemba mu Malichi. Zikomo sananene, anangondiuza kuti ndikonze makina otipulira. Ine zinandikwanira.

Munda umenewo tinaukolola pomalizira penipeni, kenako ndinatha theka la tsiku ndikupemerera kombaini ndi kompuresa, kulowa m'mimba mwake ndi tochi, fumbi mpaka m'makutu. Njere za brome zimayenda ndi makina kuposa mmene zimayendera ndi mphepo. Mmene rye analowera m'mundamo palibe akudziwa bwino, mwina ndi makina omangira mapesi obwereka, mwina ndi mbewu yosunga ya zaka za m'mbuyo.

Kudikira kuja kunali ndi mtengo wake, ndipo gawo lina ndinalipira ndine. Nyemba sizibweretsa ndalama ngati tirigu, izo n'za abwana. Koma mahekitala 18 osadzalidwa mu Okutobala ndi maola ambiri a ovataimu amene sindinagwire, ndipo ovataimu ya Seputembala ndi Okutobala ndi imene imagula feteleza wa bambo anga ku Ntcheu mvula isanagwe. Chaka chimenecho analandira matumba awiri m'malo mwa atatu. Ndinawaimbira kuti ndiwafotokozere.

"Ukuti munda angousiya? Mwezi wathunthu, thirakitala ili pomwepo?"

"Eya, Bambo. Njere za udzuwo zipse kaye ndi dzuwa."

"Udzu kuudikira kuti upse? Kodi ndi nthochi?"

Anaseka mpaka kutsokomola. Koma nditawauza za nyemba anakhala chete pang'ono, kenako anati zimenezo ndiye akuzimva, nanga si ndi mmene iwo amachitira ndi kaufiti, munda ukafiira amaupumitsa ku chimanga n'kuikamo mtedza kapena soya. Za thumba lachitatu sanazitchulenso. Ndinamva kwa mlongo wanga kuti kumunsi kwa munda anangothirako manyowa a m'khola.

Kumapeto kwa Seputembala tinatipula pakati paja, mvula inagwa, ndipo patangotha milungu iwiri munda unabiriwira ngati wadzalidwa. Zonsezo zinali brome. Mdala anafika ndi ndodo yake, anayang'ana, n'kupukusa mutu osanena kanthu. Tinapopera glyphosate, tinasiya munda m'nyengo yozizira yonse, tinapoperanso tisanadzale nyemba mu Malichi. Mbewu yodzala mu Malichi imathandiza pawiri. Brome wambiri amakhala atamera kale ndipo wafa, komanso andevu aja amafuna adutse m'chisanu kuti abereke, ndiye omera mochedwa sapita patali. Rye yekha ndi wokanika, wina amamerabe mu Epulo, koma m'nyemba tinali ndi ufulu womupopera.

M'mphepete mwa mpanda tinadzala lamba wa udzu wokhalitsa, wa cocksfoot ndi fescue, mamita 6 m'lifupi, woti tisamalimemo kapena kupoperamo. Poyamba zinkandivuta kumvetsa, kudzala udzu pofuna kuthana ndi udzu. Koma sterile amafuna pa dazi kuti njere yake imere chaka chilichonse, ndipo udzu wokhalitsa ukagwirana sumusiyira malo. Chaka choyamba timautchetcha kawirikawiri kuti brome wotsala asatulutse ngala.

Juni wapitayu tinayendamonso ndi mwana uja, tsopano akuti ndimulipire mowonjezera poti ndi katswiri. Pamene chaka chatha tinadzaza matumba osawerengeka mpaka kusiya, ulendo uno tinatuluka ndi theka la thumba, ambiri cha kumunsi kumene kombaini imatembenukira. Nyemba zikuoneka bwino. Zikakhala zopanda mabowo a tizilombo zikhoza kukathera ku Egypt, kumene amazidya m'mawa monga ife timachitira ndi phala. Zikakhala ndi mabowo zidyedwa ndi ng'ombe za konkuno.

Mu Okutobala tirigu akubwerera m'munda wa kutchalitchi, ndipo mdala ndi mwana wake ayambiranso kukangana. Mdala akuti pulawo ilowe, ikwirire zotsalazo. Mwana wake akuti ikalowa itulutsa njere zakale zimene zili pansi, n'kuwononga nthaka imene wakhala akuimanga zaka 10, bola kudzala mochedwa osatembenuza. Anandifunsa maganizo onse awiri, aliyense payekha, ndipo ndinawayankha chimodzimodzi: pulawo kumunsi kokha kumene tinapeza theka la thumba lija, kwina konse ayi. Pa bolodi sipanalembedwe kanthu. Lachisanu lapitali andiuza kuti nditulutse pulawo kuseri kwa shedi, ndiipake girisi ndi kusintha mano ake, koma pa famu pano zimenezo sizitanthauza kuti agwirizana.